Atsikana olera ana pa ola ku Area 25: ntchito yawo ndi mitengo yawo mmene ndaionera

Kuno ku Area 25, chakufupi ndi msika wa Nsungwi, kuli mayi wina wopuma pantchito ya unamwino amene anasonkhanitsa atsikana a sekondale n'kuwaphunzitsa kulera ana. Tsopano amawatumiza m'makomo mwa anthu Loweruka, Lamulungu masana ndi pa holide. Gululi lilibe dzina, lilibe ofesi kapena chikwangwani. Mayiwo tonse timangowatchula kuti Anesi, ndipo nambala yawo imangoyenda pakamwa ndi m'magulu a WhatsApp a amayi. Anzanga angapo akhala akundifunsa ngati atsikanawa ndi odalirika komanso ngati ndalama zake sizikuchuluka, ndiye ndati ndiyankhe onse pamodzi, poti ine akhala akundilerera ana kuyambira nyengo ya maukwati yapitayi.

Ine ndimaphika m'maukwati ndi m'zinkhoswe. Ntchito yanga ndi ya Loweruka, ndipo kuyambira Ogasiti mpaka Disembala sindikhala pansi. Bambo akunyumba amayendetsa thiraki, akanyamuka ku Kanengo ulendo wa ku Beira amatha masabata asanabwere. Ana tili nawo awiri, mnyamata wa zaka zinayi ndi kamtsikana kamene kangoyamba kuyenda. Wantchito wogonera pakhomo sindikumufuna chifukwa m'kati mwa sabata ndimakhala pakhomo ndekha. Chimene ndinkasowa ndi munthu wa maola ochepa, wodziwa chochita ndi mwana, woti ndimulipire tsiku lomwelo titherane.

M'makomo ambiri kuno nkhani imeneyi imayenda mwa chizolowezi. Mayi amaitana mwana wa aneba, "tandionerako mwanayu, ndikubwera pompano," pompano wakeyo n'kukhala maola asanu ndi limodzi. Pobwera amamupatsa ya sopo, kapena osamupatsa n'komwe, kungomuuza kuti Mulungu akudalitse. Mtsikanayo sanaphunzitsidwe kalikonse, ndipo mwana akapsa ndi phala mlandu wonse umagwera iye. Chimene Anesi anasintha ndi chomwechi. Mtsikana wawo amabwera atadziwa nthawi yoyamba, nthawi yoweruka, ntchito yake ndi ndalama yake, ndipo ine kholo ndimadziwanso zonsezo ndisanatuluke pageti.

Kuti mtsikana alowe m'gululi ayenera kukhala ndi zaka 16 kapena kuposerapo, ndipo mayi ake kapena womusunga amayenera kubwera yekha kudzavomereza, osati kutumiza uthenga pafoni. Lamulo la zantchito la chaka cha 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo wa zaka zapakati pa 14 ndi 18 saloledwa kugwira ntchito yoika moyo wake pachiswe kapena yomusokoneza sukulu. Anesi anakweza okha malirewo kufika pa 16, ati wa zaka 14 akadali wofunika kumuyang'anira mwiniwakeyo. Pa nkhani ya sukulu sanyengerera. Masiku a sukulu satumiza aliyense, ndipo a Fomu 2 ndi Fomu 4 amawaimitsa mayeso a MANEB akayandikira. Amene amagwira kwambiri ndi omwe alemba MSCE n'kumadikira zotsatira, aja amakhala miyezi ingapo pakhomo opanda chochita, komanso ena amene anakhoza koma akudikira malo ku koleji.

Maphunziro ake amachitikira pakhonde pa Anesi, Loweruka zingapo motsatizana. Tsiku lina ndinapita kukaonerera nditawapempha, ndipo ndinakhala pampasa limodzi ndi atsikanawo. Anali ndi chidole chachikulu chimene amaphunzitsira kubereka, kusambitsa ndi kusintha thewera. Anachigoneka chafufumimba pamkono pawo, mutu uli chakumunsi, n'kuonetsa mmene amamenyera kasanu pamsana, pakati pa mapewa, khanda likatsamwa, kenako kulitembenuza n'kudinikiza kasanu pachifuwa ndi zala ziwiri. Mtsikana aliyense anachita yekha, ndipo amene ankamenya mwamantha ankamubweza kuti ayambirenso. Anawauza kuti mwana akapsa amuthire madzi ozizira kwa mphindi 20, asapakepo dzira, mafuta kapena mankhwala otsukira mano monga timamvera m'makwalalamu. Mwana akamwa palafini asamusanzitse, athamange naye kuchipatala. Khanda ligone chagada. Uchi asampatse mwana wosakwana chaka, mtedza wosasinja asampatse mwana wamng'ono. Za kusamba m'manja ndi sopo anazibwereza mpaka atsikana anayamba kumalizira okha mawu, ndipo sindikuwanena, chifukwa tonse tikukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023 imene inachititsa kuti sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zichedwe kutsegulira mu Januwale 2023. Mtsikana aliyense amadziwa kusungunula Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi abwino. Akamaliza zimenezi sapita yekha kunyumba ya munthu nthawi yomweyo. Amayamba waperekeza mnzake wozolowera, kuonerera ndi kuthandizira, mpaka Anesi atakhutira.

Amene amabwera kawirikawiri kwathu ndi mtsikana wa zaka 17, anamaliza Fomu 4. Tsiku loyamba anafika nthawi isanakwane, atavala chitenje pamwamba pa siketi, kachikwama kali kumsana. Atandipatsa moni sanathamangire kunyamula mwana. Anatulutsa kope n'kuyamba kundifunsa: mbaula mumaika pati ikakhala ndi moto, mankhwala a m'nyumba muno amakhala kuti, ndowa zosungira madzi zili ndi zivindikiro, kabuku ka kusikelo kali pati, pali chakudya chimene ana chimawadana, aneba amene ndingawaitane msanga ndi ati. Analemba nambala yanga, ya mchemwali wanga wa ku Area 49 ndi ya aneba. Kenako anati, "Anti, mundisiyireko ya kabaza pambali, kuti pakachitika kanthu ndisayambe kufunafuna." Ndalama imeneyo imakhala mu envelopu pamwamba pa kabati, ndipo sinasowepo ngakhale K50. Chipatala cha Area 25 tili nacho pafupi, ndipo amadziwa kuti kothamangira ndi kumeneko, kuimba foni ali m'njira.

Madzulo pobwera ndimapeza kope lija lili patebulo. Mumalembedwa tinthu tating'onoting'ono: 9:30 phala, wamng'ono wadya theka la kapu, 11:00 wagona, wadzuka 12:40, wamkulu wakana masamba koma wadya nsima ndi dzira, wagwa pakhonde, bondo lakumanja lasupuka pang'ono, ndatsuka ndi madzi ndi sopo, matewera atatu, lachitatu chimbudzi chofewa. Kope limeneli ndi limene linandigwira mtima kuposa china chilichonse. Munthu ukachoka kuphika kwa anthu mazanamazana umabwera mutu uli waa, ndipo kungowerenga tsamba limodzi umadziwa tsiku lonse la ana ako. Mankhwala sapereka, ngakhale panado, pokhapokha kholo litalemba lokha m'kopemo mlingo ndi nthawi yake.

Tibwere ku ndalama, poti ndi pamene pali mkangano. Pamene ndikulemba pano mitengo yawo ili motere. Mwana mmodzi ndi K1,000 pa ola, ndipo salandira ntchito yochepera maola atatu. Mwana wachiwiri wa m'nyumba yomweyo mumaonjezera K300 pa ola. Tsiku lathunthu, losapitirira maola asanu ndi anayi, ndi K8,000, wachiwiri K2,000. Ikadutsa 6 koloko madzulo ola limakwera kufika K1,500. Ngati kwanu n'kosayendeka wapansi, thiransipoti yopita ndi yobwerera ndi yanu, ndipo mtsikana amadya chimene ana akudya. Pa ntchito iliyonse K500 imapita kwa Anesi yogulira magolovesi, mabandeji ndi mayunitsi, yotsalayo ndi ya mtsikana. Mumalipira tsiku lomwelo, pamanja kapena pa Airtel Money kaya Mpamba, ndi yotapira yomwe. Ine Loweruka langa limanditengera K10,000, ndipo ndinayamba kuiwerengera m'mtengo umene ndimatchula kwa eni ukwati, monga ndimawerengera makala ndi mafuta ophikira.

Mayi wina kutchalitchi anandiuza kuti uku n'kuba, mwana wa sukulu angalandire bwanji ndalama yoposa wantchito wamkulu. Ndinamumvetsa chifukwa akuwerengera motere: mu Juni 2025 boma linakhazikitsa kuti malipiro otsikitsitsa a wantchito wapakhomo akhale K72,800 pamwezi, kuchoka pa K52,000 ya mu Febuluwale 2024. Mukagawa K72,800 ndi masiku 26 ikubwera K2,800 patsiku, ndiye kuti K350 pa ola ngati akugwira maola asanu ndi atatu. Poyerekeza ndi zimenezi K1,000 ikuoneka yambiri, pafupifupi katatu. Koma wapamwezi ali ndi ntchito tsiku lililonse, mwezi ukatha ndalama yake ilipo. Mtsikana uyu amagwira tsiku limodzi pasabata, mwina awiri, ndipo sabata zina palibe womuitana. Akagwira Loweruka zinayi kwa ine, n'kuchotsa ya Anesi, amatsala ndi K38,000 pamwezi. Ndalama imeneyi ndi imene amagulira mapadi, sopo, mafuta odzola ndi bandulo ya intaneti yofunsira malo ku makoleji, ndipo amandiuza kuti ina amasunga pafoni kuti idzamuthandize poyamba sukulu. Komanso K350 ija ndi yotsikitsitsa, malire apansi penipeni, si muyezo wa ntchito yabwino. Munthu amene ndamusiyira ana anga awiri, amene akudziwa chochita mwana akatsamwa, sindingamuike pa malire apansi.

Pali chinanso chimene ambiri sachiona. Mtengo ukakhala wodziwikiratu, ulemu umabwera wokha mbali zonse. Ine sindichedwa dala chifukwa ndikudziwa kuti ola lililonse likuwerengedwa. Iye sabwera mochedwa kapena kutumiza mng'ono wake m'malo mwake chifukwa akudziwa kuti ndi ntchito. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo ine ndimaona kuti mawuwa akukhudzanso mtsikana wolera uja. Nayenso ndi mwana wa munthu, ndipo mayi ake anamulola kubwera kwanga pokhulupirira kuti sindimudyera masuku pamutu.

Anesi amaunikanso mitengo kumayambiriro kwa teremu iliyonse, ndipo amadziwitsa makolo pasadakhale. Zimenezi n'zoyenera. Chigwetsereni ndalama ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa chinthu sukhalitsa pamalo amodzi, ndipo mtsikana wamanyazi sangayambe yekha kuuza munthu wamkulu kuti ndalama yachepa. Pakakhala wamkulu womuyankhulira, nkhani imapepuka.

Pamene sindigwirizana nawo ndi poti mtengo suyang'ana msinkhu wa mwana. Wa miyezi isanu ndi iwiri amene amadya n'kugona ndi wa chaka ndi theka amene amakwera mipando, kutsegula makabati ndi kuthamangira kumsewu geti likangotseguka, onse ndi K1,000. Aliyense amene analerapo akudziwa kuti mwana wongoyamba kuyenda ndi amene amatopetsa. Mtsikana wathu pofika madzulo amakhala atatheratu, ndipo ine ndimamuonjezerako mwa ine ndekha, koma zimenezi siziyenera kudalira mtima wa kholo. Ndinawauza Anesi kuti ana a pakati pa chaka chimodzi ndi zaka zitatu akhale ndi mtengo wawo wokwererapo. Anati aganizira. Makanda osakwana miyezi isanu ndi umodzi salandira n'komwe, ati nthawi imeneyo mwana amafunika bere lokha ndi mayi ake pafupi, ndipo apo ndilibe mawu.

Lamulo lawo lina limene limakwiyitsa amayi ambiri ndi loti mtsikana sachapa, sakolopa, saphikira banja, satumidwa kumsika. Amatsuka mbale za ana, kuphika phala kapena kutenthetsa chakudya cha ana, kusintha matewera ndi kutolera zidole, basi. Mlamu wanga atamuitana mtsikana yemweyu anamusiyira beseni la zovala kuseri kwa nyumba, ati uchapeko mwana akagona. Mtsikanayo anagwada n'kunena kuti, "Pepani anti, Anesi anatiuza kuti maso athu asachoke pa mwana. Zochapa zili ndi mtengo wake ndipo ndi za tsiku lina." Mlamu anandiimbira atakwiya, ati ana a masiku ano ndi amwano. Ine ndinamuuza kuti palibe mwano pamenepo. Mwana wamng'ono amatha kumira m'ndowa ya madzi ochepa, mwakachetechete, pa nthawi imene munthu akuyanika malaya awiri okha. Ukafuna wochapa, amayi a ganyu yochapa alipo ambiri, alipireni iwo adyenso.

Zofooka zilipo ndipo ndizinena. Choyamba ndi nthawi ya usiku. Atsikanawa sagonera, ndipo pofika 8 koloko ayenera kukhala atafika kwawo, kholo litawaperekeza kapena kuwakweza kabaza wodziwika. Pa chitetezo cha atsikana lamuloli ndi labwino, ndipo ndikanakhala mayi wawo ndikanafuna zomwezo, makamaka magetsi akazima njira za kuno zimada bii. Koma kwa ife ophika m'maukwati, perekaniperekani akatalika ndimayenera kusiyira anzanga miphika n'kuthamangira kunyumba. Anamwino ndi ena ogwira ntchito usiku gululi silingawathandize konse. Anesi akanapeza amayi achikulire awiri kapena atatu oti azilandira ntchito za usiku, bwenzi zili bwino.

Chachiwiri, atsikanawa si ofanana. Tsiku lina wathu uja atadwala anatumiza wina wa zaka 16 amene anali atangoyamba kumene. Ana anawasamala, koma mnyamata wanga anandiuza kuti anti anali pafoni nthawi yaitali, ndipo m'kope munali mizere iwiri yokha. Ndinawauza Anesi mwakachetechete. Sanamukalipire pagulu, anamubweza kuti aperekezenso mnzake kwa kanthawi, ndipo tsopano pali lamulo loti foni izikhala pamwamba pa kabati, yoyatsa, yongoyankhira kholo likaimba. Mmene anaitengera nkhaniyo zinandikhutiritsa, komabe ngati mwapeza mtsikana amene ana anu amuzolowera, muzimupempha yemweyo.

Chachitatu, zonse zimadutsa pafoni imodzi. Anesi akapita kumaliro kumudzi kapena foni ikatha moto, palibe woyankha. Ndipo kuyambira Meyi mpaka Julayi atsikana amachepa chifukwa cha mayeso, moti mukachedwa kufunsa simupeza munthu.

Chimene ndimawalemekezera kwambiri mayiwa ndi mmene amatetezera atsikana awo. Satumiza mtsikana kunyumba imene sanaifikepo okha kapena imene palibe wodziwika amene angaichitire umboni. Satumiza kumene masana onse kudzakhale abambo kapena anyamata okhaokha. Mtsikana aliyense analoweza nambala ya 116, ija yaulere yothandiza ana ya Tithandizane, ndipo anauzidwa kuti wina akamuyankhula kapena kumugwira mosayenera achoke ndi mwanayo kupita kwa aneba n'kuimba foni, asaope kuti ataya kasitomala. Kholo limene lachedwetsa malipiro kawiri salitumiziranso munthu. Nkhani za atsikana antchito ozunzidwa m'nyumba za m'tauni muno tonse timazimva, ndipo zambiri zimachitika chifukwa mtsikanayo alibe wamkulu kumbuyo kwake.

Ndikudziwa kuti ena amene muwerenge izi ndi atsikana a ku Kawale, ku Chinsapo kapena ku Area 23 amene mukufuna kuyamba nokha, kulibe Anesi. Yambani ndi mabanja amene makolo anu amawadziwa, ndipo mayi anu kapena azakhali akhalepo pokambirana koyamba. Tchulani mtengo musanalowe m'nyumba, pa ola kapena patsiku, ndipo mugwirizane nthawi yoweruka ndi zimene zidzachitike ikapitirira. Mawu akuti "tidzaona kumapeto kwa mwezi" musawalole. Powerengera, yambirani pa ndalama ya boma ija kuti mudziwe pansi pamene simungatsikirepo, kenako onjezerani thiransipoti, kuchuluka kwa ana, msinkhu wawo ndi nthawi ya madzulo. Muyang'anenso dera: ku Area 47 kapena Area 10 anthu angalipire zoposa zimene ndatchulazi, pamene ku Mtandire kapena ku Mgona mwina mutsitsako kuti mupeze okuitanani. Funani wokuphunzitsani chithandizo choyamba, kaya namwino wa kutchalitchi kwanu kaya a Malawi Red Cross Society amene amaphunzitsa zimenezi, chifukwa ndi chimene chidzakupatseni mphamvu yotchula mtengo wabwino mopanda manyazi. Ndipo gulani kope.

Kwa makolo anzanga, ngati mukufuna munthu wa tsiku lililonse kapena wogwira ntchito zonse zapakhomo, gulu ili si lanu. Ngati muli ngati ine, wosowa munthu wa Loweruka, wa tsiku la maliro kapena la kuchipatala, ndikukulimbikitsani ndi mtima wonse. Funsani pofika Lachitatu, konzani chakudya cha ana ndi cha mtsikanayo, siyani ya kabaza mu envelopu ndi kabuku ka kusikelo poonekera. Za Disembala yambani kufunsa mu Novembala, chifukwa mwezi umenewo maukwati amachuluka ndipo Loweruka zake zimatha msanga.